MAERE A AKATSWIRI A CIWERENGERO

Mai wanzeru akafuna kudziwa ngati mcere wakolera m'ndiwo, sadya mphika wonse ai. Ayamba wabvundula bwino, natapa pang'ono ndi cipande, nalawa. Inu a ku migodi mudziwanso kuti anthu oyesa miyala agumula tizidutswa apa ndi apo, ndipo tizidutswato tisonyeza kucuruka kwa mkuwa umene uli pansi.

Akatswiri a ciwerengero acita cimodzimodzi. Pofuna kudziwa za moyo wa anthu zikwi zambiri, afunsa owerengeka okha. Koma anthu sabvundulika monga ndiwo. Nanga owerengekawo asankhidwe bwanji kuti aimire anzao onse? Funso limeneli linasautsa anthu ophunzira zaka zambiri makina a kompyuta asanapangidwe.

Cobvuta cacikuru cinali diso la munthu, pakuti liri ndi tsankho ngakhale mwini wace ali woona mtima. Bwana Frank Yates, amene anagwira nchito ku Rothamsted m'dziko la England, anasimba m'buku lace la 1949 za anthu amene anawayalira miyala yambiri pa tebulo, nawauza kuti atole yowerengeka yofanana ndi mulu wonse. Atayesa pa sikelo, anapeza kuti yotoledwayo inalemera kuposa muyeso weniweni wa muluwo: maso anathamangira miyala yaikuru. Mankhwala a nthenda imeneyi ndiwo maere, cifukwa maere saona nkhope.

Mmodzi wa oyamba kucita maere otere anali William Gosset, wanchito wa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, amene analemba nkhani zace ndi dzina lakuti Student. Iye anafuna kudziwa ngati miyeso inai yokha ingathe kunena zoona za gulu lalikuru. Tsono anatenga msinkhu wa akaidi 3,000 ndi utali wa cala cao capakati ca dzanja lamanzere, nalemba za munthu ali yense pa kakhadi kace. Anasakaniza makhadiwo kwambiri, nawatola anai anai kufikira anakhala ndi magulu 750, nawerengera gulu liri lonse ndi pensulo. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 1908, ndipo ziphunzitsidwa m'masukulu akuru kufikira lero.

Koma makhadi ali ndi cinyengo caonso. Mnyamata wina, Leonard Tippett, wophunzira kwa Bwana Karl Pearson ku London, anayesa kutola makhadi m'thumba, naona kuti nchitoyo inali yotopetsa, ndi kuti makhadiwo sanasakanizike mokwanira. Pearson anamlangiza kuti apange buku la manambala opanda dongosolo, kuti maere acitike kamodzi kokha, anthu ena onse azingowerenga m'bukumo. Tippett anatola manambala m'mabuku a kalembera a boma, ndipo m'caka ca 1927 buku lace linaturuka ndi manambala 41,600.

Kagwiritsidwe nchito kace kanali kotere. Tinene kuti komboni iri ndi nyumba 2,000, ndipo wofufuza afuna kucezera 200. Apatsa nyumba iri yonse nambala yace, natsegula buku pa tsamba liri lonse, nawerenga manambala monga atsatana. Nyumba imene nambala yace yaturuka ndiyo apitako, ngakhale iri kutali kumapeto kwa komboni. Akapeza mwini nyumba ali ku nchito ya usiku, saloledwa kugogoda pa khomo la mnansi. Ayenera kubweranso mawa.

Posacedwa manambala a Tippett anacepa. M'caka ca 1939 Maurice Kendall ndi Bernard Babington Smith anasindikiza manambala 100,000. Iwo anapanga cimbale cozungulira msanga, colembedwa manambala kuyambira 0 kufikira 9, m'cipinda ca mdima. Nyali ikang'anima mwadzidzidzi, mlembi analemba nambala imene waona. Pambuyo pace, m'caka ca 1955, bungwe la RAND ku America linaturutsa buku la manambala 1,000,000 opangidwa ndi makina a magetsi.

Wina angafunse kuti, kodi kufunsa anthu ambirimbiri sikungathetse bvuto lonseli? Iai. M'caka ca 1936 nyuzipepala ya Literary Digest ku America inatumiza makalata 10,000,000 kufunsa anthu za masankho a Pulezidenti, ndipo mayankho oposa 2,000,000 anabwera. Nyuzipepalayo inalengeza kuti Bwana Landon adzapambana. Koma maina ambiri inawatenga m'mabuku a eni telefoni ndi eni galimoto, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi. Ndiponso amene anayankha anali okhawo amene anafuna okha. Tsiku la masankho Bwana Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa zigawo 48. Mphika unali waukuru ndithu, koma wosabvundula.

Nzeru imeneyi inafikanso m'dziko lino pamene linali kuchedwa Northern Rhodesia. M'caka ca 1950 boma linawerenga anthu a m'midzi ina yokha, niliyerekeza ciwerengero ca dziko lonse. Kalembera wa Aafirika onse anacitika m'caka ca 1963. Kuyambira 1951 Bwana Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute, pamodzi ndi omthandiza ace Aciafirika, anacezera nyumba imodzi mwa nyumba khumi ziri zonse m'makomboni a ku Luanshya ndi ku Ndola, nafunsa anthu kumene anacokera ndi zaka zimene anakhala m'tauni.

Masiku ano kompyuta icita maere m'kuphethira kwa diso, koma lamulo silinasinthe. Ciwerengero cikaphonya osauka ndi okhala kutali, boma limanga sukulu ndi zipatala zocepa kumene zifunika koposa. Cotero mlembi akafika pa khomo panu ndi mapepala ace, nalumpha nyumba ya mnansi wanu, musaganize kuti wina wakunenezani. Maere ndiwo akugwerani, ndipo mau anu aimira mabanja ambiri amene sanafunsidwe.