Matenda Oiwalaiwala: Mmene Madokotala Anayambira Kuunika Ubongo wa Wamoyo

Mu November 1901, mayi wa zaka 51, Auguste Deter, anagonekedwa m'chipatala cha odwala misala mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Ankaiwala zimene wangouzidwa kumene, ankasokonezeka m'nyumba yake yomwe, ndipo ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Dokotala wake, Alois Alzheimer, ankamufunsa mafunso n'kulemba mayankho mosamala, koma chimene chinkachitika mkati mwa mutu analibe njira yochionera. Anachiona mu 1906, mayiyo atamwalira, pamene ubongo wake unatumizidwa ku Munich, kudulidwa tizidutswa topyapyala n'kuikidwa pa maikulosikopu. Mmenemo munali timibulu tachilendo pakati pa maselo ndi tiulusi topotana mkati mwa maselo, zomwe lero tikudziwa kuti ndi mapuloteni otchedwa amyloid ndi tau. Kwa zaka zambiri pambuyo pake zinthu zinakhala chomwecho: dokotala ankatsimikiza za matendawa wodwala ali kale mtembo. Mfundo yanga ndi yakuti phindu lalikulu la makina ounikira ubongo silili pa kukongola kwa zithunzi kapena kuchuluka kwa malipoti a kafukufuku, koma pa nthawi. Makinawa anasuntha tsiku lodziwira matenda kuchoka pambuyo pa imfa kufika zaka zambiri munthu asanayambe n'komwe kuiwala.

Ulendowo unayamba movutika. Ekisire, imene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895, inkaonetsa chigaza bwinobwino koma ubongo ayi. Mu 1918 ndi 1919, Walter Dandy wa ku Johns Hopkins ku Baltimore anapeza njira yochotsa madzi ena ozungulira ubongo n'kulowetsamo mpweya kuti mphako zake zioneke pa ekisire. Odwala ankamva mutu kuwawa koopsa ndi kusanza, nthawi zina kwa masiku, choncho sinali njira yoti n'kuchitira nkhalamba iliyonse yoiwalaiwala. Zimene zinkadziwika zinkachokerabe kwa akufa. Ku Newcastle mu 1968, Garry Blessed, Bernard Tomlinson ndi Martin Roth anayesa nzeru za okalamba ali moyo, kenako anawerenga timibulu tija mu ubongo wawo atamwalira, n'kupeza kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Umboni umenewu unagwedeza chikhulupiriro chakale chakuti kuiwalaiwala ndi ukalamba chabe, koma unkafika mochedwa kwa mwini ubongo.

Kusintha kunabwera mu October 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London, pamene makina a CT a Godfrey Hounsfield anajambula ubongo wa wodwala woyamba. Masamu a njirayi anali atawasinkhasinkha kale Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, yemwe anayamba kuwaganizira akugwira ntchito pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. Thandizo loyamba la CT linali lodzichepetsa koma lenileni. Mwa anthu amene ankangonenedwa kuti akalamba munali ena okhala ndi chotupa, ena magazi ataundana pansi pa chigaza atagwa, ena madzi atadzadza m'mphako za ubongo, ndipo ena mwa amenewa opaleshoni inkawabwezeretsa. MRI, yochokera m'ntchito ya Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield ya m'ma 1970, inapita patali. Inaonetsa zipsera za timasitiroko ting'onoting'ono, ndiponso kufota kwa hippocampus, kachigawo ka ubongo kamene kamasunga zinthu zatsopano. Mu 1992 Philip Scheltens wa ku Amsterdam ndi anzake anakhazikitsa muyezo wa kufotako womwe madokotala akugwiritsabe ntchito. Komabe kufota kuli ngati tchire lakuda lupsa litadutsa: kumakuuza kuti moto unalipo, osati pamene unayambira.

Kuti aone chiyambicho panafunika kuona amyloid yeniyeniyo mwa munthu wamoyo. William Klunk ndi Chester Mathis a ku yunivesite ya Pittsburgh anapanga mankhwala amene akabayidwa mumtsempha amakakamira pa timibulu tija n'kuoneka pa makina a PET. Anawayesa koyamba pa anthu ku Uppsala m'dziko la Sweden mu 2002, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2004. Chaka chomwecho ku America kunayamba kafukufuku wa ADNI motsogozedwa ndi Michael Weiner, wa anthu pafupifupi 800 ojambulidwa mobwerezabwereza m'zipatala zoposa 50 za ku America ndi Canada. Chachilendo pa ADNI chinali lamulo lake lakuti zithunzi ndi manambala zizipezeka kwa wofufuza aliyense woyenerera, osati kutsekeredwa m'kabati ya amene anajambula. Malipoti zikwizikwi atuluka m'nkhokwe imeneyi, ndipo aliyense wofuna kumvetsa chifukwa chake kafukufuku wa matendawa anakula mofulumira pambuyo pa 2004 ayambire pa lamulo limeneli, asanatamande makina. Zipatso zake zinaoneka msanga. Mu 2010 Clifford Jack wa ku Mayo Clinic anafotokoza ndondomeko ya matendawa: amyloid choyamba, kenako tau ndi kuonongeka kwa maselo, kenako kufota, kuiwala pomalizira. Mu 2012 kafukufuku wa mabanja amene matendawa amayenda m'magazi anaonetsa kuti amyloid imaoneka pa PET zaka pafupifupi 15 zizindikiro zisanayambe.

Wina atha kunena kuti, nanga zonsezi zachiritsa ndani? Funsoli ndi lachilungamo, chifukwa mpaka lero mankhwala ochiza matenda a Alzheimer kulibe. Koma tione zimene zinkachitika popanda zithunzi. Pa mayeso oyambirira aakulu a mankhwala otchedwa solanezumab, zinadzadziwika kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi alionse amene anaunikidwa analibe amyloid yokwanira mu ubongo, kutanthauza kuti mankhwala ochotsa amyloid ankayesedwa pa anthu odwala china. Palibe mankhwala angapezeke ndi mayeso otere. Ofufuza atayamba kusankha odwala ndi PET, lecanemab, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2023, inachedwetsa kulowa pansi kwa odwala ndi 27 peresenti pa miyezi 18. Ndi phindu lochepa, ndipo mankhwalawa amatha kutupitsa ubongo kapena kuchititsa timagazi kutuluka mkati, vuto limene limagwidwanso ndi MRI. Pomwe wotsutsayo akunena zoona ndi pa nkhani ya aducanumab. Mu 2021 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa makamaka chifukwa ankachotsa amyloid pa zithunzi, ngakhale umboni wakuti odwala ankapeza bwino unali wotsutsana, ndipo mu 2024 kampani yake inasiya kuwagulitsa. Pamenepo chithunzi chinapatsidwa ulemu woposa wodwala. Limeneli ndi vuto la oweruza, osati la makina, koma likuonetsa kuti kuyera kwa sikani sikungalowe m'malo mwa funso lakuti kodi agogo akuzindikirabe adzukulu awo.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kwambiri. Okalamba ambiri anzeru zawo zonse, pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena atatu malinga ndi msinkhu, ali ndi amyloid mu ubongo, ndipo ena amamwalira asanaiwale kanthu. David Snowdon anaonanso zofanana mwa masisitere 678 achikatolika a ku America amene anavomera kupereka ubongo wawo akadzamwalira: ena anali ndi timibulu tochuluka koma anakhala akuthwa maganizo mpaka kumapeto. Choncho kuuza munthu wathanzi kuti ali ndi matenda chifukwa cha sikani kungamusenzetse mantha a zaka makumi awiri pachabe, ndipo ine ndikuima ndi madokotala amene amakana kuunika anthu opanda zizindikiro kunja kwa kafukufuku. Koma zimenezi sizigwetsa mfundo ya nthawi ija. Zaka za pakati pa amyloid ndi kuiwala ndizo zinatsegula funso lakuti n'chiyani chimateteza ena, ndipo zinakakamiza ofufuza kuyang'ana mozama za sukulu, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kugontha.

Chitsutso chimene sindingachiyankhe mokwanira ndi cha amene anajambulidwa. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, pamene ojambulidwa mu ADNI yoyamba anali makamaka azungu ophunzira kwambiri. Mankhwala a ku Pittsburgh aja amatha theka la mphamvu m'mphindi 20 zokha, motero amafuna makina owapangira pafupi ndi chipatala. Ku Malawi, MRI inafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo inathandiza kuonetsa mu 2015 kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ambiri mwa anawo. Ntchito yotere pa ubongo wa okalamba athu idakali kumbuyo, pamene nkhalamba yosochera usiku kapena yoyankhula zosamveka imatha kunenedwa kuti ndi mfiti n'kumenyedwa. Chimene chingafike kuno msanga si PET koma kuyeza magazi, komwe FDA inaloleza koyamba mu 2025, ndipo miyezo yake inatsimikizidwa poiyerekeza ndi zithunzi za PET. Miyezo imeneyo inachokera makamaka m'matupi a ku America ndi ku Ulaya. Isanadaliridwe ku Lilongwe kapena ku Chipata, iyenera kuyesedwa pa okalamba a konkuno, amene ambiri ali ndi BP yosasamalidwa, ena akukalamba ndi HIV, ndipo ena sanapite kusukulu kuti ayankhe mafunso oyesera nzeru olembedwera anthu ena.