Mbiri ya Kusunga Maluwa a Kuthengo a Kumadzulo kwa Nyanja ya Malawi

Duwa la kuthengo silikhalitsa, pakuti limasuka ndi mvula, ndipo lupsa likadutsa palibe chotsalako. Chifukwa cha ichi akatswiri a zomera anapeza njira yolisungira. Amazula chomera pamodzi ndi duwa lake, nachipanikiza pakati pa mapepala ndi matabwa kufikira chitauma. Pamenepo amachimata pa pepala lolimba, nalemba pambali pake malo, tsiku, ndi dzina la wochitolayo. Nyumba yosungiramo mapepala otere ndiyo nkhokwe ya zomera zouma, imene Azungu aitcha herbarium.

Mmodzi wa oyamba kugwira ntchito iyi m'dera lino anali John Kirk, dotolo amene anatsagana ndi David Livingstone. M'chaka cha 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa m'mtsinje wa Zambezi, ndipo zolemba ndi zojambula zake zambiri zinapita ndi madzi. Koma iye sanafooke ai. M'chaka cha 1861 analondola gombe la kumadzulo kwa nyanja, ndipo zomera za ulendo wonsewo zinatumizidwa ku Kew, ku Mangalande. Pambuyo pake Alexander Whyte, wantchito wa Boma ku Zomba, anakwera mapiri a Nyika m'chaka cha 1896, napezako mitundu imene inali isanalembedwe m'buku lina lililonse. M'chaka cha 1946 Leonard Brass anatola zomera ku Nyika ndi ku phiri la Ntchisi, ndipo izi zinaoloka nyanja kunka ku New York.

Akatswiri awa anasamala kwambiri maina a Chilatini. Koma mai Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchito yofufuza zakudya za anthu m'boma la Nkhotakota m'zaka za 1938 ndi 1939, anafunsa eni dziko maina a ndiwo za kuthengo ndi makonzedwe ake, ndipo buku lake la zomera zothandiza anthu linatuluka m'chaka cha 1955. M'chaka cha 1960 munayamba kusindikizidwa mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za maiko a chigwa cha Zambezi. Potsiriza, lamulo la 1987 linakhazikitsa bungwe loyang'anira nkhokwe ya zomera ya dziko la Malawi ku Zomba.

Phindu la mapepalawa lioneka poyera pa nkhani ya chinaka, chimene ena achitcha chikanda. Timizu ta maluwa amenewa tikumbidwa kwambiri ku Nyika ndi madera ozungulira, chifukwa malonda ake ndi aakulu ku Zambia. Pamene duwa lasowa pamalo, mboni yakuti linamerapo kale ndiyo pepala lija la m'nkhokwe.

Komabe mbiriyi ili ndi chilema chake. Kawirikawiri maina a anthu amene anatsogolera alendowo m'thengo, nawasonyeza pomera duwa lililonse, sanalembedwe. Ndipo pa mapepala ambiri dzina la chomera m'chinenero cha eni dziko palibe. Apa ndipo pali gawo la mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi. Akaumitsa duwa pamodzi ndi ana ake, nafunsa okalamba dzina lake ndi ntchito yake, nalemba malo ndi tsiku mosaphonya, adzakhala atasunga chuma chimene sichidzapezekanso okalambawo akadzatsikira kuli chete.