Kalembedwe ka Chingerezi m'Makomboni a Migodi ya ku Bindura

M'chaka cha 1927 anthu ogwira ntchito pa mgodi wa golide wa Shamva, kum'mawa kwa Bindura, ananyanyala ntchito, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland. Pakati pa anthu obwerawa panali ena amene anaphunzira m'sukulu za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre. Pansi pa mgodi akapitawo ankalamula m'Chilapalapa, koma mabuku a malipiro ndi zitupa zinkalembedwa m'Chingerezi. Munthu wodziwa kulemba Chingerezi mosaphonya chilembo ankatha kukhala kalaliki, pamene mnzake ankatsikira kumdima ndi fosholo. M'sukulu zija mphunzitsi ankatchula mawu, ana n'kulemba pasileti, kenaka n'kubwereza kulemba mawu aliwonse amene alakwitsa.

Mgodi wa Trojan utayamba kukumba nikelo m'zaka za m'ma 1960, ana a anthu obwerawa anakulira pakati pa zinenero zitatu: Chichewa kunyumba, Chishona pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Apa vuto la zilembo l ndi r linakula. M'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu. Malamulo a Chichewa Board a 1973 anangoti kawirikawiri r azilembedwa pambuyo pa i kapena e, monga mu "kulira" ndi "kulera". Chishona cholembedwa, chimene maziko ake anayala Clement Doke mu 1931, chimagwiritsa ntchito r yekha. N'chifukwa chake dzina la Blantyre linasanduka "Mabhurandaya", dzina limene Ashona ankaitanira Amalawi. Koma m'Chingerezi "pray" ndi "play" ndi mawu awiri osiyana, ndipo khutu la mwana wa pa komboni silinaphunzitsidwe kumva kusiyanako.

Vuto lachiwiri linachokera ku England komweko. William Caxton anayamba kusindikiza mabuku kumeneko mu 1476, nthawi imene katchulidwe ka mavawelo kanali kakusintha. Zilembo zinakhazikika papepala, pakamwa mawu n'kupitiriza kusintha, ndipo dikishonale ya Samuel Johnson ya 1755 inalimbitsa kalembedwe kakale. Mchewa amalemba mavawelo asanu monga momwe amawatchulira, ndipo mawu ake amathera pa vawelo, monga "sukulu" ndi "buledi". Choncho akakumana ndi "ship" ndi "sheep" amamva chimodzimodzi, ndipo "knife" amamudabwitsa ndi k wosatchulidwa.

Mbiri imeneyi ikusonyeza njira zothandiza. Yoyamba ndi kuphunzitsa khutu ndi mawu awiriawiri osiyana pa liwu limodzi, monga "load" ndi "road": wina atchule, wina alembe, monga zinkachitikira pasileti. Yachiwiri ndi kuphunzira mawu pamodzi ndi abale ake, pakuti g wosamveka mu "sign" amamveka mu "signature". Yachitatu ndi kusunga kope la mawu amene munthu amalakwitsa kawirikawiri n'kumawabwereza patapita masiku. Yachinayi ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku, kuti diso lizolowere maonekedwe a mawu amene khutu silingawalongosole.

Lero mdzukulu wa wokumba mgodi amene akufuna malo pa Bindura University of Science Education ayenera kukhoza Chingerezi pa mayeso a O Level. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Mwana wophunzira kulemba Chichewa chake amadziwa chifukwa chimene l ndi r amamusokoneza, ndipo amadziwa mawu oyenera kuyamba nawo m'kope lake.