Lionel Rogosin ndi Kanema wa ku Sophiatown

Bambo Lionel Rogosin anabadwira ku New York m'chaka cha 1924. Atate awo anali mwini mafakitale a nsalu, ndipo mwanayo akadatha kukhala pa mpando wa chumacho moyo wake wonse. Koma atabwerako ku Nkhondo Yachiwiri, mtima wawo sunakhazikike. Anasiya ntchito ya atate awo nagula makina ojambulira kanema, kuti aonetse dziko anthu amene dziko silifuna kuwaona.

Kanema wawo woyamba, On the Bowery, anaonetsa zidakwa ndi amphawi ogona m'misewu ya New York, ndipo analandira mphoto ku Venice mu 1956. Sanalembe ntchito akatswiri a zisudzo ayi. Amphawi eni akewo ndiwo anasewera moyo wawo.

Pambuyo pake anapita ku Johannesburg, mzinda umene amuna ambiri a ku Nyasaland ankaudziwa ndi dzina lakuti Joni, pakuti Wenela inkawatengera ku migodi ya kumeneko. Boma la tsankho silikadalola mlendo kujambula masautso a anthu akuda. Chotero Bambo Rogosin anauza akuluakulu a boma kuti akujambula nyimbo ndi magule. Pamene apolisi ankaona anyamata oimba zitoliro pamsewu, sanadziwe kuti nkhani yeniyeni inali kujambulidwa mobisa ku Sophiatown, mudzi umene boma linayamba kuugwetsa mu 1955.

Nkhaniyo anailemba pamodzi ndi Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane, olemba a magazini ya Drum. Ikamba za Zachariah, munthu wochokera kumudzi, amene ayamba ntchito ku mgodi, kenaka m'nyumba ya mzungu, nachotsedwa apa ndi apo, namangidwa chifukwa cha chitupa. Pobwerera apeza mkazi wake ataphedwa. Malo okoma koposa ndi a m'nyumba ya mowa, pamene ophunzira akhala pansi kutsutsana za ndale, ndipo mtsikana wina, Miriam Makeba, aimirira naimba.

Kanemayo, Come Back, Africa, anaonetsedwa ku Venice mu 1959, koma ku South Africa analetsedwa. Apa mpoyenera kuona amene analipira mtengo wake. Bambo Rogosin anabwerera kwawo mwamtendere. Mayi Makeba, amene anawathandiza kutuluka kuti akaonekere ku Venice, anakanizidwa kubwerera mu 1960, ngakhale kumaliro a amayi awo, ndipo anakhala kunja zaka 30.

Nakonso ku America eni nyumba za kanema anachita mphwayi. Mwa ichi Bambo Rogosin anatsegula nyumba yawoyawo, Bleecker Street Cinema, mu 1960, ndipo kanemayo anayamba kuonetsedwa patangopita masiku owerengeka apolisi atawombera anthu ku Sharpeville. Anajambulanso ena otsutsa nkhondo ndi tsankho, koma ndalama zinanka zichepa, mwakuti zaka zawo zomaliza anazitha akulemba, osajambulanso. Anamwalira ku Los Angeles mu 2000.