Kufunafuna mankhwala a khungu la kumtundu m'zomera

Kale ku Egypt, zaka zoposa 3,000 zapitazo, munthu akamalephera kuona dzuwa likangolowa, asing'anga ankamuthandiza ndi chiwindi cha ng'ombe. Ena ankatha kuchira, pakuti chimene chinkawavuta chinali kuperewera kwa zakudya m'thupi. Koma panali ena amene chiwindi sichinkawathandiza. Iwo ankayamba kusaona usiku akadali ana, kenako maso ankaleka kuona za m'mbali pang'onopang'ono, mpaka kumangoona ngati akusuzumira pabowo. Matendawa ankayenda m'banja.

Mu 1851 Hermann von Helmholtz anapanga chipangizo choonera mkati mwa diso, ndipo mu 1857 dokotala wa ku Netherlands, Franciscus Donders, anatcha matendawa retinitis pigmentosa. Amapha maselo olandira kuwala amene ali kuseri kwa diso. M'zaka za m'ma 1930 George Wald anapeza kuti maselowa amagwira ntchito ndi vitamini A, yemwe thupi limatha kumupanga kuchokera ku karoti ndi masamba obiriwira. Chiyembekezo chinayambira pamenepo.

Eliot Berson wa ku Harvard analengeza mu 1993 kuti vitamini A amachedwetsa matendawa pang'ono, ataunika odwala 601. Kwa zaka zambiri madokotala anatsatira mawu ake. Mu 2010 anayesanso lutein, chinthu chachikasu chomwe amachotsa m'maluwa a marigold, ndipo phindu lake linali lochepa. Mu 2023 akatswiri atabwereza kuunika zotsatira zakale zija, sanapeze umboni woti vitamini A anathandiza.

Ku Italy, Silvia Bisti anaona kuti saffron, chokometsera chakudya chochokera ku maluwa, amateteza maso a makoswe oikidwa pa kuwala kwamphamvu. Akatswiri atayesa saffron ku Rome pa odwala matenda ena a maso otchedwa Stargardt, omwenso ndi a kumtundu, sanawapweteke koma kusintha sikunaoneke. Chomvetsa chisoni n'chakuti kwa odwala amenewa, mapiritsi a vitamini A amatha kuwonjezera vuto.

Nkhaniyi sikuti yathera pomwepa. Gwero la matenda a kumtunduwa ndi majini olakwika, ndipo chomera sichingawakonze, koma chingathe kusunga maselo otsala kuti asafe msanga. Kwa mwana amene maso ake akuzima, zaka zisanu zowonjezera n'zamtengo wapatali, n'chifukwa chake kafukufukuyu ayenera kupitirira. Pakali pano palibe chomera chimene chatsimikizika kuti chimaimitsa matendawa, ndipo wodwala asamwe chilichonse asanaonane ndi dokotala wa maso.