Kuziziritsa purosesa m'kompyuta yaing'ono ya magemu

Purosesa ndiye mtima wa kompyuta, ndipo pafupifupi magetsi onse amene imagwiritsa ntchito amasanduka kutentha. M'bokosi lalikulu kutenthako kumapeza potulukira. Koma makompyuta aang'ono a mtundu wa Mini-ITX, omwe bolodi lake ndi la masentimita 17 mbali zonse, amapanikiza purosesa ndi khadi la zithunzi pamalo amodzi. Amakwana bwino m'chipinda cha lendi ku South Bend kapena ku Indianapolis, koma satenga nthawi kutentha.

Malire ake

Purosesa iliyonse ili ndi malire amene kampani yake inaika. Ma Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 oikidwa m'makompyuta a patebulo amalekezera pa madigiri 100. Ma AMD Ryzen 7000 ambiri amalekezera pa 95, pomwe Ryzen 7 7800X3D imalekezera pa 89. Ikafika pamenepo sipsa ayi, imangochepetsa liwiro yokha, ndipo gemu imayamba kudukizadukiza. Choncho madigiri 80 posewera si oti akudetseni nkhawa. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa kutenthako komanso ngati liwiro latsitsidwa. Kumbukirani kuti manambalawa ndi a Celsius, pomwe kachipangizo ka pakhoma m'nyumba za ku America kamawerenga mu Fahrenheit.

Nyengo ya ku Indiana

Fani imaziziritsa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 5, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi 5. Mu July, masana ku Indianapolis kumafika madigiri 29 kapena 30, ndipo chipinda cha pamwamba chopanda makina oziziritsira chimaposa pamenepo. M'nyengo ya chipale chofewa vuto limachokera pansi: nyumba zambiri zili ndi mabowo otulutsa mpweya wofunda, ndipo kompyuta yoikidwa pafupi nawo imakoka mpweya womwewo.

Zoyenera kuchita

Yambani ndi zosalira ndalama. Chotsani kompyuta pa kapeti, chifukwa kapeti imatseka mabowo a kunsi ndipo imasunga fumbi. Musaitsekere m'kabati kapena kuitsamiritsa kukhoma. Pakapita miyezi ingapo, izimitseni n'kupemerera fumbi ndi mpweya wa m'chitini, mutagwira fani kuti isazungulire.

Chachiwiri, chepetsani magetsi. Mu BIOS, ma Ryzen ali ndi Eco Mode, yomwe imatsitsa purosesa ya mawati 170 kufika pa 105 kapena 65. Ma Intel nawo amalola kuika malire a mawati. Magemu ambiri amadalira kwambiri khadi la zithunzi, ndiye liwiro lotayika ndi lochepa poyerekeza ndi kutentha kochotsedwa.

Chachitatu, onani mafuta opaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira. Akauma, pukutani ndi kupaka ena, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo.

Kugula choziziritsira china kubwere pomaliza. Yezani kaye msinkhu umene bokosi limalola. Noctua NH-L9i ndi ya mamilimita 37 okha ndipo imalowa m'mabokosi othina kwambiri, koma singathane ndi purosesa yodya magetsi ambiri. Ku Indianapolis kuli sitolo ya Micro Center, yomwe inatsegulidwa mu 2023. Popita kumeneko lembani dzina la bokosi lanu ndi la purosesa, kuti musagule chosakwana.