Chiwaya, keyala ndi tengatenga

Pa Mtengowanthenga, m'mbali mwa msewu wa M1, mukangoti "chiwaya" mwana aliyense akulozerani pamene akukazinga tchipisi. Makolo athu akanamva mawu omwewa mtima ukanawagunda. Kwa iwo chiwaya inali mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira, ndipo nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918 anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Azungu ankati ndi nkhondo yaikulu ya dziko lonse, koma akwathu anaipatsa dzina la chinthu chimene chinkawapha. Melvin Page, amene anacheza ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondoyi, analemba buku lake la mu 2000 ndi dzina lomweli.

Mawu oti msilikali ndi obwera. Pa Chiswahili serikali ndi boma, ndiye kuti msilikali ndi munthu wa boma, wovala zovala za boma, wopita kumene boma lamutuma. Keyala ndi zilembo zitatu, K.A.R., chidule cha King's African Rifles, zimene lilime lathu linazifewetsa. Amuna pafupifupi 19,000 a mu Nyasaland analowa ukeyala pa nkhondo imeneyi, ndipo magazi anayamba kukhetsedwa kwathu konkuno, ku Karonga, pa 9 Sepitembala 1914.

Koma mawu amene amandiwawa ndi tengatenga. Tsinde lake ndi kutenga, ndipo Chichewa chikabwereza tsinde, monga mu kuyendayenda kapena kufunafuna, chimanena ntchito yopanda polekezera. Tenga, tula, tenganso. Amuna oyandikira 200,000 anasenzetsedwa matumba a ufa ndi mabokosi a zipolopolo kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri atachita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu. Nkhata pamutu, kumapazi kulibe kanthu, mvula ili pamsana. Kamwazi, malungo, chibayo ndi njala zinawamaliza m'njira, ndipo wogwa ankasiyidwa pomwepo, katundu wake n'kusenzetsa wina. Taonani dzinalo: silinena kwawo kwa munthu, silinena mfunda wake, ngati ndi Phiri kapena Banda. Likungonena ntchito ya khosi lake. John Chilembwe anaziona msanga. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka ndiwo akufera nkhondo ya eni, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye.

Amene anabwerako anabwera ndi perete m'miyendo. Mganda umene anyamata a ku Dowa ndi ku Ntchisi amavina mpaka lero, atandanda m'mizere, zovala zosita bwino, phazi likugunda limodzi, uli ndi mayendedwe a asilikali. Gule tinamusunga. Mayina a otsala kutchire anatipulumuka.

Apa m'pamene Chichewa chimasiyanitsa bwino. Kukumbuka kumadza kokha, munthu uli phee. Kukumbutsa kumafuna munthu wachiwiri, chifukwa ka -tsa kameneka n'kochititsa, monga mu kudzutsa ndi kuwolotsa. Chikumbutso, tsono, ndi chinthu choikidwa dala kuti oiwala adzidzimuke: chiliza pamanda, kapena chipilala cha keyala chija chili ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, pamene amaika nkhata za maluwa mwezi wa Novembala. Pa tsinde lomweli pamachokera chikumbumtima, ndipo ine ndimaona kuti ubalewu si wangozi. Mtundu wosakumbutsa ana ake za akufa uli ndi mlandu.

M'masiku athu ano dzina limodzi lasungika. Private Chancy Chitete wa Malawi Defence Force anaphedwa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa DR Congo, akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulazidwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mnzakeyo anakhala moyo. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wa United Nations kwa osungitsa mtendere olimba mtima koposa. Anayenera, ndipo ana asukulu azimudziwa.

Nanga a tengatenga aja? Agogo amene anamva nkhanizi pakamwa pa makolo awo akalipo m'midzi ya ku Mponela, kwa Chakhaza, kwa Kalumo. Pitani mukakhale nawo pamphasa, mukafunse kuti anatengedwa ndani pamtundu panu, mulembe dzina lake ndi mfunda wake, mukapereke kwa amfumu ndi kusukulu ya kwanuko.